Usanagule matayala aakulu aja, mphwanga

Wakhala ukuonera pa foni magalimoto a mpikisano wa drag ku America, aja a matayala otakata kumbuyo ndi opyapyala kutsogolo, ndiye mtima wako uli pa marimu aakulu. Khala pansi kaye.

Pa 27 June 2004, Darrell Russell, wa zaka 35, ankayendetsa galimoto ya drag ya mtundu wa Top Fuel pa mpikisano wa bungwe la NHRA pa bwalo la Gateway, ku Madison m'boma la Illinois. Atangodutsa mzere womalizira, pa liwiro la makilomita pafupifupi 500 pa ola, tayala lakumbuyo linang'ambika, galimoto n'kusweka, chidutswa n'kumumenya m'mutu. Anamwalira tsiku lomwelo. Zitatero, NHRA inatsitsa nitromethane wa m'mafuta kuchoka pa 90 kufika pa 85 peresenti, n'kulamulanso kuti kumbuyo kwa mutu wa dalaivala kuzikhala chishango cha titanium.

Waona chimene anachepetsa? Mphamvu ya injini. Kwa zaka zambiri injini zinkangowonjezeredwa ukali, pomwe zonsezo zimathera pa labala wokhudza pansi. Anthu amenewa ali ndi akatswiri oyeza mpweya wa tayala ulendo uliwonse, tayala lake lopangidwira ntchito imeneyo yokha, koma linawagonjetsa. Nanga iwe lako akukuyezera ndani?

Tayala la Top Fuel ndi lalitali mainchesi 36, ndipo amalipopa mpweya wochepa kwambiri, cha m'ma 7 psi, pomwe lako limafuna cha m'ma 30. Ponyamuka, m'mbali mwake mumachita makwinya kuti ligwire pansi, ndipo pansipo amakhala atapoperapo zomatira. Liwiro likamakwera tayalalo limatalika lokha, n'kumagwira ntchito ya giya. Ulendo wake ndi wa masekondi ochepa basi. Ukatengera zimenezi n'kuphwetsa tayala wamba kuti "ligwire", m'mbali mwake mumapindika mobwerezabwereza, mumatentha, nsalu za m'kati n'kuyamba kulekana uli pa msewu wa M1 ndi anthu m'galimoto.

Kukula kwakeko nakonso kumanyenga. Tiyerekeze galimoto yako inabwera ndi 205/55R16, kutalika kwake mamilimita pafupifupi 632. Ukaikapo 225/55R17, lafika pa 679. Kunyamuka kumakhala kolemera kuposa kale, choncho wa matayala aang'ono amakusiya pomwepo. Choopsa kwambiri n'chakuti muvi wa liwiro umayamba kunama: ukamaloza 100, iwe uli pa 107. Mabuleki nawo akulimbana ndi gudumu lolemera kuposa lomwe anapangidwira. Kutakata kumathandiza pokhapokha injini ili ndi mphamvu zoti tayala lizizungulira pamalo amodzi ponyamuka. Yakoyo inayamba yatero?

Zizindikiro zimabwera, vuto n'lakuti timazizolowera. Tayala likukhuza bodi ukakhota kapena ukakwera hampu, iwe n'kumati lizolowera. Chiwongolero chikunjenjemera ukafika liwiro linalake, iwe n'kukweza wailesi. Kunjenjemera si nkhani yaing'ono. Mu March 2007, dalaivala wina wa drag, Eric Medlen wa timu ya John Force, anavulala muubongo ku Gainesville, Florida, tayala litabooka n'kugwedeza galimoto mwamphamvu mpaka mutu wake kumenyetseka ku zitsulo zomutchinjiriza, ndipo anamwalira patapita masiku anayi.

Kachotupa m'mbali mwa tayala ndiye kuti nsalu zaduka kale m'kati, ndipo palibe wamatayala angazilumikize. Matayala aja ogwiritsidwa kale ntchito omwe ukuwasirira chifukwa cha mtengo, unawerengapo manambala anayi otsiriza pa chidindo cha DOT? Akalemba 2315 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2015, kaya mapanga ake akuoneka akuya bwanji. Chilembo cha liwiro nacho chilipo pambali pa saizi: T ndi makilomita 190 pa ola, H ndi 210, V ndi 240, ndipo malire amenewo ndi a tayala labwinobwino, lopopedwa mokwanira, losamatidwapo. Saizi imene galimoto yako imafuna inalembedwa pakachikwangwani ka pachitseko cha dalaivala. Unayamba wakawerengapo?