PHUNZIRO: KHRISIMASI M'DZIKO LA ENI

Masiku akale, kholo likanena kuti mwana wake ali kunja, anthu ankadziwa kuti ali ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, kapena ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku Kitwe. Amenewo ankakumbukira kwao ndithu, komabe Khrisimasi inkawapeza monga momwe ankaidziwira: mvula ikugwa, thengo litabiriwira. Lero ana ambiri a dziko lino ali kutali koposa, ku England, ku Scotland ndi ku Ireland, ena pa sukulu, ena pa ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamaliramo nkhalamba. Kwa iwo tsiku la kubadwa kwa Ambuye limafika pakati pa chisanu ndi mdima. Phunziro ili likufotokoza za nyengo imeneyo, za miyambo ya eni dziko, za mayesero amene mlendo amakomana nawo, ndi za chimene Eklezia amaphunzitsa kwa opita ndi kwa otsala omwe.

1. Chisanu ndi mdima

Dziko lapansi pozungulira dzuwa siliima chilili, koma ndi lopendekeka madigiri 23 ndi theka. Mwezi wa December chigawo cha kummwera, kumene kuli Malawi, ndicho chimaweramira ku dzuwa, pamene chigawo cha kumpoto chimalifulatira. Pa 21 December usana wa ku Lilongwe umakwana pafupifupi maola 13. Tsiku lomwelo ku London dzuwa limatuluka 8 koloko itangopitirira, nililowa 4 koloko isanakwane, kotero kuti usana sukwana ndi maola 8 omwe. Ku Edinburgh, mzinda wa kumpoto kwake, usana ndi wa maola 7 okha. Munthu wa pa ntchito amachoka kunyumba kuli mdima, nabwerako kuli mdima.

Zimenezi zimakhudza thupi. Khungu la munthu limapanga vitamini D likawombedwa ndi dzuwa, koma kuyambira October mpaka March dzuwa la kumeneko lilibe mphamvu yokwanira. Nchifukwa chake akuluakulu a zaumoyo ku Britain amalangiza anthu kumwa mamaikirogalamu 10 a vitaminiyo tsiku ndi tsiku m'miyezi imeneyi, ndipo a khungu lakuda amawalangiza kutero chaka chonse. Mdima wautali umalefulanso mtima: ena amangomva tulo, ulesi ndi chisoni chosadziwika gwero lake. Madokotala amawadziwa bwino matendawa, ndipo ali ndi chithandizo chake. Si tchimo, si chamanyazi, ndiponso si kulodzedwa. Wodwala ayenera kupita kuchipatala monga akadachitira ndi malungo.

Pali ngozi inanso imene mlendo ayenera kuidziwa. Nyumba za kumeneko nzotsekeka ponseponse kuti mphepo isalowe. Wosonkha makala pa mbaula m'nyumba yotere, kuti aothe kapena awotche nyama, amadzaza chipinda ndi mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umatha kupha banja lonse lili m'tulo.

2. Miyambo ya eni dziko

Mlendo wanzeru amafunsa gwero la zimene akuona, kuti asanyoze zabwino ndiponso asatengeke ndi zachabe. Miyambo yambiri ya Khrisimasi ku Britain si yakale monga anthu amaganizira. M'chaka cha 1647 Nyumba ya Malamulo ya ku England inaletsa chikondwerero cha tsikuli, ndipo chinabwereranso mu 1660. Ku Scotland nako chinaletsedwa mu 1640, ndipo tsikuli linangokhala la tchuthi kwa onse mu 1958. Nchifukwa chake anthu a ku Scotland amalemekeza kwambiri usiku wotsiriza chaka, umene amautcha Hogmanay, pamene amayenderana m'nyumba ndi timphatso.

Makadi a mafuno abwino anayamba kugulitsidwa ku London mu 1843, mwa nzeru za Henry Cole. Mtengo wokongoletsedwa m'nyumba ndi mwambo wa ku Germany, umene unafala ku England itasindikizidwa mu 1848 chithunzi cha Mfumukazi Victoria ndi mwamuna wake Albert atazinga mtengo wao pamodzi ndi ana. Mawu a Mfumu kwa anthu ake pa tsiku la Khrisimasi anayamba kuulutsidwa pa wailesi mu 1932, ndi Mfumu George V. Khola la Khrisimasi, limene akhristu amalidziwa m'matchalitchi a kuno, ndi lakale koposa zonsezi: Francis Woyera wa ku Assisi ndiye analiimika m'mudzi wa Greccio mu 1223.

Mwambo umodzi ukuyenera kukumbukidwa mwapadera. Chaka ndi chaka, kuyambira 1947, mzinda wa Oslo umatumiza mtengo waukulu ku London, ndipo amauimika pa bwalo la Trafalgar Square. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Mfumu Haakon VII ya ku Norway inathawira ku Britain mu 1940, nikhala komweko mpaka 1945. Mtengowo ndi zikomo wa mtundu umene unalandiridwa bwino pa tsiku la mavuto. Mlendo woimirira patsinde pake adziwe kuti ngakhale mafumu anadyapo Khrisimasi m'dziko la eni.

3. Tsiku lenilenilo

Kwathu tsiku la Khrisimasi ndi la phokoso. Ana amavala zatsopano, pakhomo paphikidwa mpunga ndi nkhuku, thobwa lili m'ndowa, ndipo wodutsa pa njira amaitanidwa. Mango ali pakupsa, chimanga chili m'mawondo, ndipo mawa lake khasu likudikira.

Ku Britain nkosiyana. Masabata a patsogolo pake misewu imawala ndi nyali, masitolo amadzaza, koma pa 25 December penipeni mzinda umangoti zii. Sitima za pamtunda siziyenda. Ku London ngakhale mabasi ndi sitima za pansi pa nthaka zimaima. Lamulo la mu 2004 limaletsa masitolo akuluakulu a ku England ndi ku Wales kutsegula tsiku limeneli. Banja lililonse limadzitsekera m'nyumba mwake ndi nkhukundembo yake, ndipo munthu sapita kwa mnzake wosaitanidwa. Eni dziko satero chifukwa cha kuuma mtima. Ndi mwambo wao chabe. Koma mlendo amene sanakonzekeretu amapezeka ali yekha m'chipinda, wopanda chakudya, wopanda njira yopitira ku Misa. Chotero nkofunika kufunsiratu nthawi za Misa, kudziwa tchalitchi chimene angafikeko pa mapazi, ndi kugula zofunika tsiku lisanafike.

4. Mayesero atatu

Loyamba ndi kusungulumwa. Akale anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Kukumbukira kwao si kufooka ayi, pakuti kumasonyeza kuti munthu ali ndi anthu ake. Choopsa ndi mankhwala onyenga amene wosungulumwa amawathamangira: mowa, juga ya pa intaneti, ndi zibwenzi zimene zimapasula ukwati umene unasiyidwa kumudzi. Mawu akuti mtchona sanayambe lero, ndipo matchona ambiri sanachite kupangana ndi mtima wao kuti aiwale kwao. Anangoyamba ndi kalata imodzi yosayankhidwa.

Lachiwiri ndi ndalama. Mwezi wa December ndi umene kumudzi kukufunika feteleza, January akubwera ndi fizi ya ana a sukulu, ndipo nkhokwe zambiri zayamba kuoneka pansi. Nthawi yomweyo wa kunja akulipira zambiri pofunditsa nyumba, ndipo masitolo akumukopa kuti agule pa ngongole. Ena amagwira ntchito usana ndi usiku mpaka kudwala, poopa kuti abale angawanene kuti ndi oumira. Ena amakongola kuti aoneke olemera. Lamulo lachinayi la Mulungu limalamula kuthandiza makolo, koma silimalamula kunama. Thumba la feteleza lotumizidwa pa nthawi yake liposa mphatso zonyezimira zogulidwa ndi ngongole ya chaka chathunthu.

Lachitatu ndi kuzirala pa chikhristu. Mlendo amalowa m'tchalitchi napeza anthu ochepa, nyimbo zachilendo, ng'oma palibe, nthungululu palibe, Misa yatha ola lisanakwane. Mtima umamuuza kuti kuno kulibe mapemphero, ndipo Lamulungu lotsatira amagona. Akumbukire kuti Nsembe ya Misa ndi imodzi pa dziko lonse, ndipo Yezu wa mu Ukaristia wa ku Glasgow ndi yemweyo wa ku Bembeke. Tsiku la Khrisimasi ndi lolamulidwa kumva Misa kulikonse kumene mkhristu ali. Iye amene ntchito yosamala odwala yamutsekereza alibe mlandu, koma ayesetse kupeza Misa ya madzulo a pa 24 kapena ina imene angathe.

5. Chimene Eklezia amaphunzitsa

Khrisimasi yoyamba inachitikira pa ulendo. Luka Woyera akusimba kuti Maria ndi Yosefe anachoka ku Nazarete chifukwa cha kalembera wa boma, ndipo ku Betelehemu anasowa malo m'nyumba ya alendo. Mateyo Woyera, pa mutu 2, akuwonjeza kuti anathawira ku Ejipito poopa Herode, nakhala kumeneko mpaka mfumuyo itafa. Pa 1 August 1952 Papa Pius XII analemba kalata yotchedwa Exsul Familia, imene imaika Banja Loyera lothawira ku Ejipito ngati chitsanzo ndi chitetezo cha onse okhala kunja kwa dziko lao, ndipo inalamula kuti alendo azisamalidwa pa zauzimu ndi ansembe odziwa chilankhulo chao. Wokhala kunja asadziyese wotayika pa maso pa Eklezia.

Tsiku la 26 December, limene ku Britain amalitcha Boxing Day, kwa Eklezia ndi la Stefano Woyera. Buku la Ntchito za Atumwi, pa mutu 6, likufotokoza kuti Stefano ndi anzake asanu ndi mmodzi anasankhidwa chifukwa amasiye a Ayuda olankhula Chigriki ankaiwalika pogawa chakudya. Kotero udikoni mu Eklezia unayamba ndi dandaulo la anthu a chilankhulo china amene analambalalidwa. Mpingo umene uli ndi alendo pakati pake uphunzirepo, ndipo mlendo yemwe aphunzirepo kuyang'ana mnzake woiwalika koposa iye.

Palinso phindu limene mlendo yekha angalitole. Chikondwerero cha pa 25 December chinalembedwa koyamba ku Roma m'zaka za m'ma 300, ndipo mapemphero ake anakulira m'maiko a kumpoto, kumene tsikuli limagwa usiku utatalika kotheratu. Nchifukwa chake mawu a Yesaya pa Misa ya usiku, ndi a Yohane Woyera pa Misa ya masana, amakamba za kuwala kofika kwa anthu okhala mu mdima. Amene waona dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane amawamva mawuwa ndi thupi lake lomwe. Komanso pa Adiventi Eklezia amaimba pempho lochokera pa Yesaya 45, lofanizira kubwera kwa Mpulumutsi ndi mvula yogwa pa nthaka. Pamenepo mwana wa mlimi, amene anayang'anapo kumwamba mbewu zili m'manja, ndiye angaphunzitse eni dziko. Mlendo amanyamula zonse ziwiri, kuwala ndi mvula.

6. Zoyenera kuchita

Wokhala kunja asadikire kuitanidwa, aitane ndiye. Ufa wa chimanga umapezeka m'masitolo a zakudya za ku Africa, ndipo mphika umodzi wa nsima ungasonkhanitse ophunzira asanu amene akadagona ndi chisoni aliyense kwa yekha. Akaitanidwa ndi eni dziko, avomere, afike pa nthawi yake, atengeko kamphatso. Adzionetse kwa Bambo Mfumu wa parishi imene akukhala, alowe m'kwaya kapena m'gulu lothandiza osauka, pakuti maparishi ambiri amakonza chakudya cha anthu okhala okha pa tsikuli. Ayende panja masana ngakhale kwa theka la ola. Ana obadwira kumeneko awaphunzitse nyimbo za Khrisimasi za kwao ndi mayina a agogo ao.

Otsala kumudzi nawonso ali ndi udindo. Nthawi ya chisanu Malawi amakhala patsogolo pa Britain ndi maola awiri, ndipo lamya masiku ano ili m'manja mwa ambiri. Aimbe pa tsikulo, ndipo mawu oyamba akhale moni ndi kufunsa za moyo, osati mndandanda wa zosowa. Kunja ndalama sizitoledwa pansi. Zimene zimafika kumudzi nthawi zambiri nza munthu amene wachezera usiku kusambitsa nkhalamba za eni. Miphakati iwatchule mayina ana ake a kutali pa mapemphero. Ndipo popeza kuno nakonso kuli alendo, monga othawa nkhondo a ku Dzaleka m'boma la Dowa, banja lofuna kuti mwana wake alandiridwe bwino ku London liyambe ndi kulandira mwana wa wina pakhomo pake.

Mafunso okambirana m'Miphakati

1. Chifukwa chiyani mwezi wa December ndi wa mvula ku Malawi koma wa chisanu ku Britain?
2. Mwa mayesero atatu aja, ndi liti limene achibale otsala kumudzi angalikulitse kapena kulichepetsa?
3. Kodi kusankhidwa kwa Stefano Woyera kukuphunzitsa chiyani za alendo mu mpingo?
4. Ndani m'dera lino amene adzakhala yekha pa Khrisimasi, ndipo adzamuitana ndani?