Phunziro 14: Tipange Galamafoni Yathu

Werengani mokweza

Ana inu, mukamva kuti woimba watulutsa chimbale, kodi mumadziwa kumene dzinali linachokera? Kale nyimbo zinkasungidwa pa chinthu chakuda, chozungulira ngati mbale yaikulu. Mwina agogo anu akadali nazo zimbale zotere m'sutikesi, koma choimbira palibe, ndiye nyimbozo zangokhala duu. Choimbiracho tikhoza kupanga tokha pakhomo.

Mbali iliyonse ya chimbale ili ndi kamzere kamodzi kokha, kokhotakhota, koyambira m'mphepete n'kumazungulira mpaka pakati. Singano ikamadutsa m'kamzereko imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndi kumene kumasanduka nyimbo. Zimbale zazikulu za LP, zimene kampani ya Columbia inatulutsa ku America mu 1948, zimazungulira maulendo 33⅓ pa mphindi imodzi. Zikathamanga mopitirira, bambo amaimba ngati kamwana. Zikachedwa, mayi amaimba ngati bambo.

Zofunika

1. Thabwa lolemera ndi lophwatalala. Thabwa lopepuka limagwedera, ndipo singano imadumpha.
2. Mbale yamtengo yoikapo chimbale, yozungulira mofewa pa kachitsulo kapakati.
3. Mota yaing'ono ndi lamba wa labala. Ngati mota ikuzungulira maulendo 300 pa mphindi, mbale yokokedwa ndi lambayo ikule maulendo 9 kuposa kagudumu ka motayo, chifukwa 300 ÷ 9 = 33⅓.
4. Mkono ndi singano. Izi ndiye mugule ndithu. Singano zambiri zimafuna kutsamira chimbale ndi magalamu pafupifupi 2 basi. Mukapitirira, kamzere kamaperepeseka, ndipo nyimbo yowonongeka choncho sibwereranso.
5. Chokuzira mawu ndi sipika, poti mawu ochokera ku singano ndi ofooka kwambiri.

Zamagetsi zonse muwasiyire akuluakulu, mwamva?

Kuyesa liwiro

Matani kapepala m'mphepete mwa mbale, mutenge wotchi, muwerenge m'Chichewa monga amawerengera kugunda kwa mtima kuchipatala. Kapepalako kakadutsa maulendo 100 pa mphindi 3, mwakhoza!

Galamala

Mayina a chi- amachuluka ndi zi-: chimbale chakale, zimbale zakale.

Ntchito

a) Chulukitsani: chitsulo cholemera, chingwe chachitali, choimbira chatsopano.
b) N'chifukwa chiyani thabwa liyenera kukhala lolemera?
c) Malizani chiganizo ichi: Chimbale chikathamanga, ______.

Ntchito yakunyumba

Pindani pepala ngati fanulo, mubaye singano yosokera kunsonga kwake. Lowetsani pensulo pabowo la chimbale chotha ntchito, wina azizungulitsa, inu mukhazike singanoyo pang'onopang'ono m'kamzere. Mumva timawu. Chimbale chabwino musayeserepo, singano yosokera imakanda.

Kenako funsani agogo kapena amalume kuti: "Kodi munkavina nyimbo yanji pa galamafoni, ndipo munkavinira kuti?" Lembani yankho lawo m'ziganizo zisanu, mubwere nalo Loweruka.