PHUNZIRO 9: NDALAMA ZA KAPITAWO NDI MUNDA WA MBUYE WAKE

SABATA MASANA

Werengani: Genesis 2:15, 41:33-36, Levitiko 25:1-7, 20-22, Luka 14:28-30.

Vesi Loloweza: Masalmo 24:1.

Mfundo Yaikulu: Kusunga chilengedwe kuli ndi mtengo wake, ndipo kapitawo wokhulupirika amakonzeratu ndalama za ntchitoyi.

M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kumwera. M'boma lathu lino la Chiradzulu matope ndi miyala zochokera m'phiri zinakwirira mudzi wa Ntauchira, kwa Mfumu Likoswe. Mvula sitingailamulire, koma mitengo imene imagwira nthaka ya m'mapiri inaikidwa m'manja mwathu. Sabata ino tifunsa: kodi thumba lathu lili ndi gawo lanji pa ntchitoyi?

SANDE: Ntchito Ziwiri za Adamu

Kodi Mulungu anapatsa Adamu ntchito ziti m'munda wa Edene? Genesis 2:15.

Ntchito yoyamba inali kulima, yachiwiri kusunga. Ife a kwa Kadewere timaitsata bwino yoyamba. Timagulitsa nandolo ndi mbuzi kuti tipeze feteleza, pakuti phindu lake timaliona chaka chomwecho. Yachiwiri timaisiyira boma ndi mabungwe. Nyengo yodzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, timadzala mbande ndi nyimbo. Pofika Okutobala zambiri zadyedwa ndi chiswe ndi mbuzi, zina zapsa ndi moto wa osaka mbewa. Kudzala ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma kupalira, kutchinga ndi kulambula njira zoletsa moto kumafuna ndalama kwa zaka zambiri. Yerekezani ndi Luka 14:28-30.

LOLEMBA: Sabata la Nthaka

Kodi Mwisraeli ankataya chiyani posiya munda wake ugonere chaka chachisanu ndi chiwiri? Levitiko 25:1-7, 20-22.

Ankataya zokolola za chaka chathunthu. Yehova sanabise kuti mpumulo wa nthaka udzakhudza nkhokwe, koma analonjeza kudalitsa chaka chachisanu ndi chimodzi. Ife amene timatseka magolosale athu dzuwa likamalowa Lachisanu tiyenera kukhala oyamba kumvetsa lamuloli. Tinaphunzira kale kuti phindu lina limasiyidwa dala chifukwa cha Mlengi.

LACHIWIRI: Mbewu Sadya

Kodi Yosefe analangiza Farao kuti achite chiyani m'zaka za dzinthu zochuluka? Genesis 41:33-36.

Kukacha bwino timaliona phiri la Mulanje, kwawo kwa mkungudza, mtengo wa fuko lathu. M'chaka cha 2001 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza thandizo la thumba la Global Environment Facility lopita ku bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust. Mwa thandizolo, madola a ku America opitirira 5 miliyoni anapatulidwa kuti akhale mpamba wosadyedwa. Mpambawo umaikidwa kumene ungabale phindu, ndipo phindulo ndilo limathandiza pa nazale, pa kuteteza nkhalango ku moto ndi pa ntchito zina za m'phirimo. Thandizo wamba limatha pulojekiti ikatha, koma thumba lotere limabala chaka ndi chaka. Nzeru yake ndi ya amayi athu, amene amapachika chimanga cha mbewu pamwamba pa moto ndipo sachikhudza ngakhale m'mwezi wa njala.

LACHITATU: Ndalama Pazokha Sizikwanira

Kodi chofunika mwa adindo ndi chiyani? 1 Akorinto 4:2.

Tinene zoona. Ngakhale thumba lija linalipo, macheka a anthu odula mobisa anapitirira kulira m'phiri la Mulanje, kufikira mikungudza yaikulu pafupifupi yonse inatha. Mbande zikwizikwi zinadzalidwa pambuyo pake, koma mkungudza umakula pang'onopang'ono, ndipo adzaudule ndi adzukulu. Ku Majete, m'boma la Chikwawa, nyama zinali zitatsala pang'ono kutheratu pamene boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks mu 2003. Ndalama zinamanga mpanda, zinalipira alonda, zinabwezeretsa zipembere, njovu ndi mikango, ndipo midzi yozungulira inapeza ntchito ndi thandizo la sukulu. Pamene oyandikana ndi nkhalango adyerera nawo ikakhala chiimire, amailondera. Pamene wogula matabwa obedwa alipira koposa, nkhalango imagwa. Kodi ndalama zathu zili mbali iti pamene tigula matabwa a denga la tchalitchi osafunsa kumene achokera?

LACHINAYI: Thumba Lathu

Werengani Miyambo 13:22 ndi Yakobo 2:15, 16.

Mbale wootcha makala sadana ndi mitengo ayi. Akufuna ufa ndi fizi ya ana. Kumudzudzula osamupatsa njira ina ndiko kumuuza kuti akafunde tili chimanjamanja. Ambiri a ife tili m'magulu a banki m'khonde. Gulu likhoza kukongoza mbale wotere mpamba wa ming'oma ya njuchi, nazale ya mitengo ya zipatso kapena kuumba mbaula za chitetezo zosatha nkhuni. Likhozanso, pa tsiku logawana, kusiya gawo lina losagawidwa, kuti chiwongoladzanja chake chizisamalira nkhalango ya m'mudzi, imene lamulo la nkhalango la 1997 linaloleza midzi kukhala nayo pansi pa komiti yawo. Sitikunena za chakhumi, pakuti icho nchopatulika ndipo chili ndi ntchito yake. Tikunena za magawo asanu ndi anayi otsalawo, amenenso ali a Mulungu (Hagai 2:8).

LACHISANU: Kuphunzira Moonjezera

Werengani Chivumbulutso 11:18 ndi 14:6, 7. Uthenga wa mngelo woyamba umaitana anthu kulambira Iye amene analenga akasupe a madzi. Anansi athu adzaumva msanga ngati kasupe wa m'mudzi mwathu sanaphwe chifukwa cha ife.

Mafunso Okambirana:

1. Pa mbande zimene mpingo wathu unadzala chaka chatha, zatsala zingati? Ndani anapatsidwa udindo ndi ndalama zozisamalira?

2. Ena amati, popeza Yesu akubwera posachedwa, kudzala mtengo wa m'bawa nkutaya ndalama. Tingawayankhe bwanji kuchokera pa Luka 19:13?

3. Kodi gulu lathu lingasunge bwanji thumba losadyedwa kuti lisabale mikangano pakati pa abale?