Ambuya Ayamba Kuiwalaiwala: Kodi Ndi Ukalamba Chabe?

Ambuya saona pomwe aika ndalama, ndiwo zikupserera pambaula. Si ukalamba umenewu?

Nthawi zina ayi. Okalamba ambiri m'makomboni a Kanyama, Chawama ndi George anaika m'manda ana awo m'zaka zomwe Edzi inavuta, n'kutsala akulera adzukulu, uku lendi ili pakhosi. Munthu wosenza zotere amatha kudwala matenda ovutika maganizo. Mtima ukamangokhala pamavuto usana ndi usiku, zomwe munthu wauzidwa sizilowa n'komwe m'mutu, ndiye azikumbukira bwanji? Matendawa akachizidwa, kawirikawiri kuiwalako kumachepa.

Tingasiyanitse bwanji ndi dementia, matenda owononga ubongo?

Wovutika maganizo amadandaula yekha kuti mutu sukugwira. Kuiwalako kumabwera m'masabata kapena miyezi yochepa, nthawi zambiri pambuyo pa maliro kapena matenda. Tulo sapeza, nsima amangoitsina, kutchalitchi analeka, ukamufunsa kanthu amangoti sakudziwa. Dementia imalowa pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo oyamba kuona ndi apabanja: ambuya kubwereza funso lomwe lija, kusochera pochokera kumsika womwe akhala akupitako kuyambira kale. Koma musagamule nokha. Ziwirizi zimatha kukhala mwa munthu mmodzi, ndipo kuvutika maganizo muukalamba kumawonjezera chiopsezo cha dementia.

Anansi akunong'ona za ufiti. Titani?

Atetezeni ambuya. Nkhalamba yopezeka usiku pakhomo pa eni, osadziwa kwawo, ndi wodwala. N'zomvetsa chisoni kuti ena amamenyedwa pa nthawi yomwe akufunika wowagwira dzanja.

Tipite nawo kuti?

Ngati kuvutika maganizoko kwapitirira masabata awiri, yambirani pakiliniki yapafupi, monga ya Kalingalinga kapena Mtendere, kapena pachipatala cha Matero, Kanyama kapena Chawama. Pakhale wachibale wofotokoza pomwe zinayambira, atengenso mankhwala onse omwe ambuya akumwa. Pemphani awayeze BP, shuga, magazi ndi HIV, ndipo za kachasu musabise, poti zonsezi zimasokoneza kukumbukira. Zikafunika, adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha UTH kapena kuchipatala cha matenda a maganizo cha Chainama. Dzina la Chainama lisakuchititseni manyazi.

Kodi mankhwala okha ndi okwanira?

Mankhwala a matenda ovutika maganizo amathandiza, koma amayamba kugwira patapita masabata angapo, choncho asawasiyire panjira. Kucheza nakonso kumachiza. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo ophunzitsidwa amamvetsera anthu ovutika maganizo atakhala pabenchi pakiliniki. Kunyumba, khalani nawo pansi ambuya, muwasiyire kantchito komwe amakakonda. Akayamba kunena kuti bola kufa, apititseni kuchipatala tsiku lomwelo.