Mwana wanga amazizira manja ndi mapazi

Funso

Akonzi, ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 2 ndi miyezi 3. Chiyambireni June, ndikamugwira usiku kapena m'mamawa ndimapeza manja ndi mapazi ake ali ozizira ngati madzi a mumtsuko, chonsecho masana amasewera bwinobwino ndipo phala amadya. Apongozi anga a ku Chileka akuti ndi kuchepa kwa magazi, ndipo akuti tizigona ndi mbaula m'nyumba. Kodi ndi matenda? Ndithandizeni.

Mayi wodandaula, Lirangwe

Yankho

Mayi, mtima ukhale m'malo. Mwana amene akusewera ndi kudya bwino, koma akuzizira manja ndi mapazi okha m'miyezi ya June ndi July, kawirikawiri sakhala kuti akudwala. Thupi likamva mphepo limachepetsa magazi opita kumanja ndi kumapazi kuti kutentha kusungike mkati, komwe kuli mtima ndi mapapo. Mwana wamng'ono amataya kutentha msanga kuposa munthu wamkulu. Ku Lirangwe ndi ku Chileka kumadziwika ndi kutentha, mwakuti makolo ambiri savutika n'kugula majuzi, komatu m'bandakucha wa nyengo ino pansi pamazizira ndithu, ndipo mwana amaponda popanda nsapato, usiku n'kukankhanso chofunda.

Choncho musamuyeze ndi manja ake. Pisani dzanja lanu m'malaya, mumugwire pachifuwa ndi kumsana. Mukapeza pali pofunda bwino, muvekeni masokosi, kachipewa ndi juzi, basi.

Pomwe ndikufuna mutchere khutu ndi apa. Mukapeza pachifuwa pakutentha kwambiri pamene manja ndi mapazi ali ozizira, mwina akunjenjemeranso, dziwani kuti thupi likukwera kutentha. Kudera kwanuko choyamba kuganizira ndi malungo. Musamuunjikire mabulangete, ndipo musamumwetse mankhwala a malungo a LA otsala a mwana wina. Tsiku lomwelo akayezedwe magazi pachipatala cha Lirangwe kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu.

Zimakhala zoopsa zedi ngati mwana wozizira manjayo wakhala akutsegula m'mimba kapena kusanza, maso alowa mkati, ndipo wafooka. Dinikizani chikhadabo chake mpaka chiyere, kenako musiye. Mwa mwana wabwinobwino kufiira kumabwerera nthawi yomweyo. Kukachedwa kupitirira masekondi 3, magazi sakuyenda mokwanira. Ngakhale kuchipatala chachikulu cha Gulupu, anamwino olandira ana odwalitsitsa amayang'ana chizindikiro chimenechi mwana akangofika. Apa palibe zodikira kuti kuche kapena kuti bambo ake abwere. Nyamukani, ndipo ngati akutha kumeza, muzimumwetsa Thanzi ORS pang'onopang'ono m'njira. Chimodzimodzinso akakomoka, akamakana kumwa chilichonse, akamavuta kudzutsa, milomo ikada, kapena akamapuma mothamanga kufika ka 40 pa mphindi imodzi ali phee.

Apongozi anu musawanyoze, chifukwa kuchepa kwa magazi n'kofala pakati pa ana athu, ndipo kumatha kuziziritsa manja. Koma kumadziwika bwino ndi maonekedwe. Masana, panja powala, tambasulani chikhatho cha mwanayo pafupi ndi chanu, ndipo mukokere pansi chikope chake muone mkati. Mukakhala motuwa, kapena ngati amatopa msanga posewera, akamuyeze magazi. Malungo obwerezabwereza, njoka za m'mimba ndi zakudya zosakwanira ndizo zimayambitsa vutoli kawirikawiri. M'phala lake muzithiramo nsinjiro kapena usipa wosinja, ndipo dzira, nyemba ndi bonongwe zisamasowe pamene mwakwanitsa. Tiyi asamamwe pa nthawi ya chakudya, poti amalepheretsa thupi kutenga mchere wothandiza kupanga magazi.

Za mbaula zokha ndikukana kwamtuwagalu. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha womwe sununkha ndipo suoneka. Anthu amangogona osadzukanso, ndipo mwana ndiye amayamba kugonja. Onjezani apo ngozi ya moto, poti wa zaka ziwiri amadzuka usiku n'kuyamba kuyendayenda. Otherani panja, mbaula izime, kenako mukagone naye pafupi m'neti, atavala masokosi ake.

Tsiku la sikelo likafika mutenge buku lake la kuchipatala, muwauze azaumoyo zonse mwandilemberazi, ndipo muwapemphe amuone m'zikhatho ndi kulemera kwake. Ngati n'kotheka apongozi anu akuperekezeni, akadzimvere okha za mbaulazo.