Msika ndi Nkhokwe pa Nthawi ya Mliri

Phunziro la mwezi uno likunena za kagulidwe ka zakudya ndi zinthu zina za pa nyumba pa nthawi imene mliri wa Covid-19 unali m'dziko muno, m'zaka za 2020 ndi 2021. Zitsanzo zake zatengedwa ku Mzimba, pa boma ndi m'midzi ya kummwera, monga ku Jenda, ku Embangweni ndi ku Edingeni, koma zimene zinaoneka kumeneko zinaonekanso m'maboma ena. Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga apemphedwa kuwerengera anzawo pa bwalo ndi m'sukulu, pakuti mliri uja unazilala, koma wina angadze, ndipo chakudza sichiimba ng'oma.

Mmene Nthendayi Inafikira

Nthenda ya Covid-19 inayamba kuoneka m'dziko la China kumapeto kwa chaka cha 1919 kuwonjezapo zaka zana, ndiko kuti cha 2019. Imadza ndi kachirombo kosaoneka ndi maso, kamene kamatuluka ndi mpweya pamene wodwala apuma, alankhula kapena kutsokomola. Kotero imafala msanga pamene anthu athithikana m'malo otsekeka, monga m'minibasi, m'nyumba yomwera mowa kapena m'nyumba ya maliro. Panja, pamene mphepo iwomba, kachiromboko kamamwazika ndipo ngozi ichepa. Okalamba ndi odwala nthenda ya shuga kapena ya kuthamanga kwa magazi ndiwo amene inawapweteka kopambana.

Pa 20 March 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 March, ndipo misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa. Odwala oyamba atatu anapezeka ku Lilongwe pa 2 April.

M'bindikiro Umene Sunachitike

Pa 14 April 2020 Boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21, woyamba pa 18 April kulekeza pa 9 May. Tanthauzo lake linali lakuti anthu akhale pa nyumba, malonda ambiri aime, ndipo oyenda akhale okhawo a ntchito zofunika kwambiri. Maiko ena anachita chomwecho. South Africa inayamba m'bindikiro wake pa 27 March.

Koma kuno mavenda a ku Mzuzu, ku Blantyre ndi malo ena anatuluka m'misewu kukana lamulolo. Mawu awo anali akuti njala idzawapha nthenda isanawapeze. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition linakadandaula ku Bwalo Lalikulu la Milandu kuti Boma silinakonze thandizo la anthu osauka, ndipo pa 17 April woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso. Motero m'bindikirowo sunayambe konse. Pambuyo pake Boma linalonjeza K35,000 pa mwezi kwa mabanja osauka, koma ndalamazo zinalinga makamaka a m'mizinda inayi ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Munthu wa ku Edingeni anayenera kudziyang'anira yekha.

Chifukwa Chake Msika Sutsekeka

Kuti munthu amvetse mkangano umenewu ayenera kuyang'ana mmene banja wamba ligulira zinthu. M'maiko olemera munthu alandira malipiro pa mwezi, apita ku sitolo kamodzi, nasunga nyama ndi mkaka m'firiji. Pa boma la Mzimba ndi pa malo a malonda ozungulira, anthu ambiri sachita motero. Wa kabaza, wa ganyu, wootcha chimanga ndi mayi wogulitsa mandasi apeza ndalama masana, ndipo ndalama yomweyo igula ndiwo za madzulo: mulu wa tomato, kambale ka usipa kapena bonya, mafuta ophikira a m'kapulasitiki, kamtanda ka sopo, ndi makala a tsiku limodzi. Banja lotere likakhala pa nyumba masiku atatu, moto uzima pa mafuwa.

Wa ku mudzi nayenso sakhala wopanda msika, ngakhale alime bwino. Mchere sumera m'munda. Sopo, machesi, shuga ndi mafuta afuna ndalama, ndipo chimanga chiyenera kupita ku chigayo, kumene amayi afola pamodzi. Ndalamazo azipeza pogulitsa nyemba, mtedza, soya, nkhuku kapena mbuzi pa tsiku la msika. Tsono msika uli ngati mtondo wa mudzi wonse: aliyense asinjamo. Kuutseka ndi kuvutitsa wogula ndi wogulitsa pamodzi.

Zimene Zinaoneka ku Mzimba

Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'Malawi, ndipo pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu oposa 900,000. Kuyambira kale amuna a kumeneko amapita kukagwira ntchito ku South Africa, kumene anthu amati ku Joni, ndipo nyumba zambiri za malata ndi magolosale ambiri anamangidwa ndi ndalama za kumeneko. Pali mabanja amene feteleza, fizi ya sukulu ndi zogula za pa mwezi ayembekezera kwa mwana kapena bambo amene ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town.

M'bindikiro wa ku South Africa unaimitsa ntchito za m'nyumba, za m'malo odyera ndi za zomangamanga, zimene Amalawi ambiri amagwira. Ntchito itaima, ndalama zotumiza kumudzi zinachepa. Malire atatsekedwa, katundu amene ankabwera pa magalimoto anavutanso kufika. Kuyambira mwezi wa May 2020 mabasi anayamba kubweretsa Amalawi obwerera kwawo kudzera pa chipata cha Mwanza, ndipo ambiri a iwo anapezeka ndi kachiromboko. Kotero banja limene linazolowera kulandira ndalama linalandira munthu wopanda ntchito, wofuna kudya, amenenso anayenera kukhala payekha masiku 14 kuti asapatsire ena. M'bindikiro umene Malawi anaukana unafikabe m'midzi ya Inkosi ya Makosi M'mbelwa podzera m'thumba.

Ku Jenda kunali vuto la mtundu wina. Msika wa kumeneko uli pa msewu waukulu wa M1, pafupi ndi malire a Zambia, ndipo utchuka ndi tomato, anyezi, mbatata ya kachewere ndi nyemba. Ogula ambiri ndi apaulendo a pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu. Boma litalamula kuti mabasi azinyamula anthu ochepa, mtengo wa ulendo unakwera ndipo apaulendo anachepa. Nyemba ziyembekeza wogula miyezi yambiri, koma tomato wakupsa sayembekeza sabata. Amene anaika chuma chake chonse pa mbewu yoola msanga ndiye anataya kwambiri.

Malamulo a Chaka cha 2021

Sukulu zinayamba kutsegulidwa mu September 2020, ndipo ambiri anayesa kuti mliri wapita. Koma mu January 2021 unabweranso ndi mphamvu yoposa. Pa 12 January nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Pa 17 January Pulezidenti Lazarus Chakwera analamula kuti misika izitsekedwa 5 koloko madzulo, malo omwera mowa 8 koloko, ndipo munthu asapezeke ali kuyendayenda kuyambira 9 koloko usiku kufikira 5 koloko m'mawa. Sukulu zinatsekedwanso kwa kanthawi, ndipo kuvala chotchinga pakamwa ndi pamphuno kunali lamulo.

Owerenga aone kusiyana kwake. Nthawi iyi msika sunatsekedwe, unangochepetsedwa maola. Komabe lamuloli linali ndi kulemera kwake, chifukwa madzulo ndiyo nthawi imene wa ganyu alandira ndalama yake nathamangira kukagula ndiwo. Banja limene linali ndi mfutso kapena nyemba m'nyumba linadya nsima ndi ndiwo usiku umenewo. Limene linalibe linagona ndi phala. Katemera woyamba anafika m'dziko muno pa 5 March 2021, ndipo mu May 2023 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti nthendayi sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse lapansi.

Phunziro Lake

Phunziro lalikulu ndi ili: pa nthawi ya mliri msika sungatsekedwe, koma maulendo a ku msika angachepetsedwe, ndipo chimene chiwachepetsa ndi chakudya chosungidwa pa nyumba. Mayi amene apita ku msika kamodzi pa sabata akumana ndi anthu ochepa kusiyana ndi amene apita tsiku ndi tsiku. Nkhokwe yodzaza ndiyo ipatsa banja mphamvu ya kumvera malangizo a chipatala.

Nkofunika kukumbukira kuti m'bindikiro uja unalengezedwa mu April, pamene kukolola kuli pafupi. Ukadadza mu January kapena February, miyezi ya njala, mavuto akadakula ndithu. Ndiponso miyezi ya kukolola ndiyo imene alimi ambiri agulitsa chimanga motchipa kwa mavenda, nadzachigulanso pa mtengo wokwera mvula itagwa. Mlimi wotere adzisandutsa yekha munthu wogula tsiku ndi tsiku.

Zoyenera Kuchita Mliri Usanadze

1. Banja liyambe lapatula chimanga chokwanira chaka chonse lisanagulitse ngakhale ndowa imodzi. Chiume bwino, ndipo chithiridwe mankhwala a anankafumbwe kapena chiikidwe m'matumba osalowa mpweya, amene amatchedwa PICS.

2. Amayi afutse ndiwo pamene zili zambiri. Nkhwani, khwanya, chitambe ndi bowa zikafutsidwa ndi kusungidwa pouma zikhala miyezi. Tomato wochekacheka ndi kuyanika pa thandala nayenso asungika, ndipo chinangwa chisanduka makaka.

3. Pa khomo pakhale kadimba ka mpiru, repu ndi anyezi, kothiriridwa ndi madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri. Nkhuku zochepa zipatsa banja mazira popanda ulendo.

4. Ndalama za zokolola kapena za ku Joni zikafika, zoyamba kugula zikhale zosaola: mchere, sopo, machesi, mafuta ndi nyemba. Kugula paketi yathunthu kamodzi kutchipa kusiyana ndi kugula pang'onopang'ono masiku 30. Amene sangathe yekha asonkherane ndi anzake a ku banki m'khonde, agule pamodzi nagawane.

5. Banja lokhala ndi mbale wake kunja lisasiye kulima. Ndalama yotumizidwa ndi chithandizo, koma idalira ntchito ya m'dziko la eni, imene ingaime tsiku lililonse.

Zoyenera Kuchita Mliri Utadza

1. Ku msika ndi ku chigayo kupite munthu mmodzi wamphamvu. Agogo, odwala ndi ana akhale pa nyumba. Mabanja oyandikana angatume munthu mmodzi kuwagulira onse.

2. Asananyamuke alembe kapena awerenge zofunika, kuti asazungulire msika wonse. Apite m'mawa anthu asanachuluke, agule, nabwerere osachedwa pa macheza.

3. Avale chotchinga pakamwa ndi pamphuno, atalikirane ndi mnzake mita imodzi kapena kuposa, ndipo moni akhale wa pakamwa kapena wa kuwomba m'manja, monga mwambo ulola.

4. Pa khomo la nyumba, pa golosale ndi pa chigayo pakhale mpondagiya ndi sopo, kuti munthu asambe m'manja popanda kugwira chigubu.

5. Makomiti a misika ndi mafumu atalikitse mabenchi a ogulitsa ndi kutulutsa malonda panja pamene pali mphepo. Ichi chipambana kuthamangitsa anthu.

6. Wotentha thupi, wotsokomola kapena wobanika asapite kukagulitsa. Apite msanga ku chipatala cha pafupi, monga cha pa boma la Mzimba kapena cha mishoni ku Embangweni. Anansi amuikire chakudya ndi madzi pa khomo, osamusala, pakuti amene aopa kusalidwa abisa nthenda yake naifalitsa.

Ntchito ya Aphunzitsi

Aphunzitsi angapatse ana a makalasi aakulu samu iyi. Ngati thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 litha masabata 3 pa banja lina, pafunika matumba angati pa masabata 52 a chaka? Yankho ndi matumba 18, pakuti 17 aperewera sabata imodzi. Pambuyo pake mwana aliyense akafunse kwawo kuti thumba limatha masiku angati, nawerengere banja lake lomwe.

Mafunso ena okambirana ndi awa. Kodi ndi zinthu ziti zimene banja ligula ku msika sabata iliyonse? Mwa izo, ndi ziti zimene zingalimidwe kapena kusungidwa pa nyumba? Nanga m'mudzi muli okalamba angati amene alibe wowagulira? Mayankho a funso lomalizali apite kwa a mfumu ndi kwa mlangizi wa zaumoyo, kuti adziwiretu makomo oyamba kuwayendera.

Kukolola kwa chaka chilichonse ndiyo nthawi yochitira zonsezi. Mlangizi wa zaulimi wa m'deralo adzaonetsa aliyense wofunsa kasungidwe ka chimanga ndi kafutsidwe ka ndiwo, ndipo salipiritsa kanthu.