Moto wa pa doko m'nyengo ya chilimwe

Tayamba ndi kalata ya bambo wina, msodzi wa kwa Kuntumanji. Akuti: "Amfumu atiletsa kusonkha moto pafupi ndi dambo kufikira mvula itagwa. Nanga nsima tiphikira pati, milamba tiwambira pati? Kodi lamulo lotere lilipodi?"

Zikomo bambo. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto popanda chilolezo m'nkhalango zotetezedwa, monga ya m'phiri la Zomba ndi Malosa. Za kudambo zimayendera mfundo zomwe mudzi ndi komiti ya pa doko mwagwirizana, ndipo ine ndili kumbali ya amfumu. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya. Ikaphwa, monga inachitira mu 1995 ndi 2018, njedza imatsala pouma, ndipo mbaliwali imodzi yokha imakwana kuyatsa dambo lonse. Dambo lomwelo ndilo mobisalira matemba ndi milamba, moikira mazira mbalame, ndiponso ndilo linachititsa kuti nyanjayi ilowe m'pangano la Ramsar loteteza madambo.

Phikani ndithu, koma pamtetete. Lambulani udzu kuzungulira mafuwa, madzi akhale pafupi m'ndowa. Choopsa kwenikweni chimabwera mukamaliza kudya. Malawi akazilala anthu amati moto watha, chonsecho khala lili moyo pansi pa phulusa, ndipo likhoza kugona usiku wonse mpaka mphepo ya m'mawa italiulutsa. Thirani madzi, vundulani phulusalo ndi mtengo, thiraninso. Kenaka yandikitsani kuseri kwa dzanja. Mukamva kutentha, musachoke. Zowamba nsomba chitirani mu uvuni wa njerwa, kutali ndi zisakasa za udzu.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wophika tiyi pa doko. Mwana wawo wa ku Johannesburg wawatumizira mbaula ya gasi, ndiye akufunsa ngati nayonso ili m'gulu la zoletsedwa.

Mayi, zimenezo mukamve kwa amfumu ndi komiti, koma pitani ndi mfundo iyi. Ku British Columbia, m'dziko la Canada, boma likaletsa moto wa nkhuni m'tchire nthawi yotentha, kawirikawiri mbaula za gasi zimaloledwabe. Chifukwa chake n'chakuti gasi sathetheka, sasiya makala, ndipo mukatseka pa silinda moto wathera pomwepo.

Komatu naye ali ndi ukali wake. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akamadontha amakhazikika pansi, m'kanyumba kotseka kapena m'bwato. Silinda iime chilili, pamthunzi. Paipi muziipaka thovu la sopo polumikizira. Likamatupa, pakudontha, musayatse. Mukamva fungo, tsekani silinda, tsegulani chitseko, machesi akhale m'thumba. Ndipo chonde mayi, m'chimbowela, kanyumba ka asodzi ka pamadzi, musalole ana kulowa ndi mbaulayo.